Mwana Ali Kuti pa Chithunzipa?

Tsiku lina titatha kudya chakudya chamadzulo, mnzanga wina amene tidaphunzira limodzi ku seminale adanditambasulira buku lalikulu la zithunzi zakale za ku Ulaya, zojambula pamanja. Adatsegula pa tsamba pamene panali kamtsikana ka tsitsi longa ndevu za chimanga, kovala diresi lotambalala ngati dengu lovundikira, anamwali aŵiri atakazinga, mmodzi atagwada. Tsono iye adati: "Achimwene, taonani m'mene anthu akale ankalemekezera mwana. Ulemu wotere udapita kuti masiku ano?" Ine usiku umenewo ndidangovomera ndi mutu, popeza chithunzicho nchokongoladi, ndipo kukongola kumatseka munthu pakamwa. Koma mau ake aja akhala akundivuta mumtima, ndipo lero ndifuna kuŵatsutsa poyera, pakuti amene amaganiza choncho si iye yekha.

Chithunzicho dzina lake ndi Las Meninas, ndiye kuti anamwali otumikira. Amene adachijambula ndi Diego Velázquez, m'chaka cha 1656, ndipo chimasungidwa ku Madrid m'nyumba ya zithunzi yotchedwa Prado. Kamtsikanako ndi Margarita Teresa, mwana wa Philip IV, mfumu ya ku Spain, ndipo pa nthaŵiyo kanali ka zaka 5. Namwali wogwadayo akukapatsa madzi m'kamtsuko kofiira kadothi. Kumbali kwaima antchito aŵiri aafupi msinkhu, pansi pagona chigalu, ndipo m'kalirole wa kukhoma mukuoneka nkhope za atate ndi amai a mwanayo. Amene muli ndi foni ya intaneti mungathe kuchipeza mosavuta, pamodzi ndi zina zonse zimene nditchule, ndipo ndikukupemphani kuti muziyang'ane nokha musanandiweruze.

Mlandu wanga ndi uwu. Pa zithunzi za ana a mafumu ndi a nduna za ku Ulaya, chimene chikulemekezedwa ndi nyumba, dzina ndi mpando. Mwanayo amuimika ngati mlongoti wopachikapo mbendera. Makolo athu adanena kale kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Masiku amenewo kamera kunalibe. Chithunzi chimodzi chinkadya ndalama zambiri ndi ntchito ya masiku ambiri, ndipo wolipira ndiye ankalamula zoti zionekepo. Palibe kanthu kamene kadagwerapo mwangozi. Chipeŵa, galu, kavalo, ndodo, ngakhale malo amene dzanja laikidwa, zonsezi anthu a nthaŵiyo ankaziŵerenga monga ife timaŵerengera kalata.

Tiyambe ndi khanda. Chakumapeto kwa 1538, Hans Holbein adajambula Edward, mwana wa Henry VIII wa ku England, ali ndi chaka chimodzi ndi miyezi pang'ono, napereka chithunzicho kwa mfumu ngati mphatso ya chaka chatsopano. Khandalo alivika zofiira ndi zagolide, kumutu chipeŵa cha nthenga. Dzanja lamanja lakwezedwa ngati la munthu wamkulu wolonjera khamu, ndipo lamanzere lagwira kansansi kagolide, koma kagwiridwe kake nkofanana ndi m'mene mfumu imagwirira ndodo yachifumu. Pansi pake palembedwa mau a Chilatini olangiza khandalo kuti lidzafanane ndi bambo wake. Kodi khanda loyamwa limaŵerenga Chilatini? Mauwo adalembera bamboyo, munthu amene pofunafuna mwana wamwamuna anali atasiya mkazi woyamba, atadulitsa mutu wachiŵiri, ndiponso atapatula dziko lake lonse ku Mpingo wa ku Roma. Amai a khandalo, Jane Seymour, adamwalira patangopita masiku 12 chibadwire mwanayo. Edward adaloŵa ufumu ali ndi zaka 9, namwalira ali ndi zaka 15, mu 1553.

Ku Spain adaonjeza. Philip IV uja, pa ukwati wake woyamba adabereka mwana wamwamuna dzina lake Baltasar Carlos, mu 1629. Mwanayo asanakwane zaka 3, Velázquez adamujambula ataima chilili ngati msilikali wa pa pelete, nsalu ya mkulu wankhondo ili chopingasa pachifuwa, dzanja lina pa chigumbu cha lupanga, lina pa ndodo yolamulira asilikali. Patsogolo pake paima wantchito wamfupi msinkhu, ndipo m'manja mwa wantchitoyo ndimo muli nsansi ndi chipatso cha apulo. Odziŵa zojambula amati nsansiyo ndi chipatsocho zikuimira ndodo yachifumu ndi mpira wagolide umene mafumu ankanyamula, kuti woona aseke wamfupiyo ndi kuopa kalongayo. Ine ndikachiyang'ana ndimaona chinthu china chosavuta kumvetsa: zoseŵeretsa za mwana azilanda m'manja mwake nkuzipereka kwa wina, ndipo iye amusenzetsa chitsulo. Ana aŵiri achitidwa chipongwe pa nsalu imodzi, wina pomukweza kopitirira msinkhu wake, wina pomusandutsa choseketsa.

Cha m'ma 1635 adamujambulanso, tsopano ali pa kavalo wonenepa amene waimirira ndi miyendo yam'mbuyo, kumbuyo kukuoneka mapiri a Guadarrama. Chithunzicho adachikonzera kuti chipachikidwe pamwamba pa chitseko, pakati pa zithunzi za atate ake ndi amai ake, m'chipinda chachikulu cha nyumba yachifumu ya Buen Retiro. Tanthauzo lake linali lodziŵika kwa aliyense: kavalo ndi anthu a m'dziko, ndipo amene angathe kugwira chingwe cha kavalo wolusa ndi dzanja limodzi, angathenso kugwira dziko. Inu amai amene mwaleredwa ndi kulera, tandiwuzani, mwana wa zaka 5 kapena 6 amatha kugwira chiyani ndi dzanja limodzi? Baltasar Carlos sadalamulepo. Nthomba idamupha ku Zaragoza mu 1646, kutatsala masiku 8 kuti akwanitse zaka 17.

Angerezi naonso anali ndi mmisiri wao, Anthony van Dyck. Mu 1635 iye adajambula ana atatu a Charles I, ndipo mbiri imati mfumu idakwiya poona kuti mwana wake wamkulu, amene dzina lake analinso Charles, wajambulidwa atavala mkanjo wautali. Masiku amenewo ana aamuna ndi aakazi omwe ankavala mikanjo ali aang'ono, ndipo mnyamata ankapatsidwa buluku atakula pang'ono. Choncho mmisiriyo adaangojambula zimene adaona. Koma mfumu sinkafuna zoona. Pa chithunzi cha 1637 cha ana asanu, mnyamata uja, wa zaka 7, waima pakati atavala buluku, dzanja lake lili pa mutu wa chigalu chachikulu chimene chikadatha kumugwetsa ndi mchira wokha. Galuyo wakhala phee, kusonyeza kuti mphamvu zonse zimagonja pansi pa dzanja lachifumu. Patapita zaka 12, anthu aja amene galuyo ankaimira adadula mutu wa bambo wa anawo. Mlongo wake Mary, amene waima kumapeto kwa chithunzicho, adakwatiwa mu 1641 ali ndi zaka 9, kwa William wa ku Orange wa zaka 14, ndipo van Dyck yemweyo adaŵajambula atagwirana dzanja, mphete ikuoneka pa chala cha kamtsikanako.

Apa wina anena kuti: "Bambo, musavutike. Anthu amenewo sankadziŵa kuti ubwana nchiyani." Maganizo ameneŵa adatchuka ndi buku la Philippe Ariès, wolemba mbiri wa ku France, limene lidatuluka mu 1960. Iye adaphunzitsa kuti Azungu akale ankaona mwana ngati munthu wamkulu wochepa thupi, ndipo kuti kuzindikira ubwana kudabwera pang'onopang'ono pambuyo pake. Umboni wake wina unali zithunzi ndi zovala. Anzake ena, monga Linda Pollock mu 1983, adamutsutsa ataŵerenga zimene makolo a nthaŵizo ankalemba za ana ao. Ine ndili kumbali ya otsutsawo, ndipo mboni yanga ndi chithunzi chimodzi chimene sinditha kuchiyang'ana nthaŵi yaitali.

Ndi cha Felipe Próspero, mwana wina wa Philip IV, wobadwa mu 1657, amene Velázquez adamujambula mu 1659. Kamwanako nkotumbuluka, maso aakulu, mutu ngati ukulemera khosi. Kaima m'chipinda chamdima, dzanja katatsamiza pa mpando, ndipo pampandopo pagona kagalu koyera ka maso achisoni. Chipeŵa chachifumu chili poteropo pa mtsamiro, ngati chaiŵalika. Tsono yang'anani pachifuwa ndi m'chiwuno: pa nsalu yoyera imene kavala palendeŵera kabelu ndi tinthu tina tambiri. Zimenezo ndi zithumwa, abale anga, zithumwa zenizeni, zoti zipirikitse matenda ndi diso loipa, m'nyumba ya mfumu imene inkadzitcha mtetezi wa chikhulupiriro cha Katolika. Sindikuŵaseka, iyai. Ndani mwa ife sadaonepo kachingwe m'chiwuno mwa khanda lobwera ku ubatizo? Chithumwa nchizindikiro cha mantha, ndipo munthu amachita mantha chifukwa cha chinthu chimene amachikonda kapena chimene sangathe kuchitaya. Anthu ameneŵa ankadziŵa bwino lomwe kuti uyu ndi mwana, wofooka, wodwaladwala. Philip IV ankalemberana makalata ndi sisitere wina, María wa ku Ágreda, kwa zaka zoposa 20, ndipo m'makalatamo chisoni chake pa imfa ya Baltasar Carlos nchosabisika. Felipe Próspero adamwalira pa 1 November 1661 asanakwane zaka 4, ndipo patapita masiku 5 kudabadwa wina womuloŵa m'malo, Carlos.

Nchifukwa chake ndikukana kuŵakhululukira ndi mau akuti sankadziŵa. Kholo losadziŵa ubwana likadakhala ndi podzitchinjirizira. Aŵa ankadziŵa, ankakonda, ankalira maliro ngati ife tomwe, komabe pofika pa nkhani ya mpando ankatenga mwana yemweyo nkumuika pa sikelo. Chikondi chinalipo, koma chinali chachiŵiri.

Tsopano ndiyenera kuloŵa m'nyumba mwathu momwe, ngakhale ndikudziŵa kuti ena sakondwa. Mnzanga uja polankhula za "anthu akale" ankatanthauza maiko achikhristu, nthaŵi imene mafumu ankagwada pa Misa. Chabwino, tiyeni tione zimene zinkachitika pa guwa. Mu 1542 Titian adajambula mnyamata wa zaka 12, Ranuccio Farnese, atafunda mwinjiro wakuda wokhala ndi mtanda woyera wa asilikali a ku Malta. Mwinjirowo ngwaukulu, ukutsetsereka pa mapewa, monga amachitira mwana akavala jekete la atate ake. Mnyamatayo anali mdzukulu wa Papa Paulo III, ndipo mu December 1545, mwezi womwewo umene udatsegulidwa Msonkhano waukulu wa ku Trent wokonza zolakwika mu Mpingo, agogo akewo adamupatsa ukardinala ali ndi zaka 15.

Ku Florence, cha m'ma 1545, Bronzino adajambula Giovanni de' Medici, mwana wa Cosimo, wolamula mzindawo. Ameneyu yekha ndiye akuseka pa zithunzi zonse zimene ndatchula: kamwana konenepa ka zaka ngati 2, timano tiŵiri tikuoneka, katafumbata kambalame pachifuwa. Munthu ukachiona mtima umatsika, nkumati apa pokha mwana amulola kukhala mwana. Koma kambalameko ndi ka mtundu uja umene amisiri ankaika m'dzanja la Mwana Yesu pokumbutsa za masautso ake, ndipo banjalo lidamuikiratu mwanayo padera kuti adzakhale wa Mpingo. Adalandira ukardinala mu 1560 ali ndi zaka 16, namwalira ndi malungo mu 1562. Ndikudziŵa kuti tsiku lomwelo Papa Piyo IV adapatsanso ukardinala mwana wa mlongo wake, Karolo Borromeo, amene lero timamutchula m'gulu la oyera. Mulungu angathe kumeretsa chimanga pa chulu cha zinyalala, koma zimenezo sizisandutsa zinyalala kukhala munda.

Mpingo womwe udachita nazo manyazi. Mu 1586 Papa Sixtus V adalamula kuti makardinala asapitirire 70, ndipo kuti munthu asalandire udindowo asanakwane zaka 22. Lamulolo lidapirira mpaka pamene lidakumana ndi nyumba yamphamvu. Mu 1619 Ferdinand, mng'ono wake wa Philip IV, adavekedwa chipeŵa chofiira ali ndi zaka 10, napatsidwanso dayosizi ya Toledo ndi chuma chake. Unsembe sadaulandire konse. Adatchuka ngati mkulu wankhondo. Ine wansembe ndikaŵerenga zimenezi sindipeza poyambira kunyadira masiku amenewo.

Palinso ana ena pa zithunzizi amene buku la mnzanga silidaŵapatse tsamba laolao. Mnyamata wa chigalu uja adadzakhala mfumu Charles II. Mu 1682 Pierre Mignard adajambula mmodzi mwa akazi achibwenzi a mfumuyo, Louise de Kéroualle, ndipo chithunzicho chili ku National Portrait Gallery ku London. Mai ameneyu wakhala pansi atavala zonyezimira, dzanja lake lili pa phewa la kamwana kakuda, ka kwathu ku Afrika kuno kapena kobadwa kwa anthu otengedwa kuno. Kamwanako kavala mkanda wa ngale m'khosi, ndipo kakupereka kwa maiyo chigoba chodzaza ndi ngale. Kakuyang'ana m'mwamba kwa mbuyake, pamene mbuyakeyo akuyang'ana ife. Ntchito yake pa chithunzipo ndi yofanana ndi ya ngalezo: kusonyeza chuma chochokera kutali, ndi kuŵalitsa khungu la maiyo. Dzina la maiyo lidalembedwa, la wojambula lidalembedwa, chaka chidalembedwa. La kamwanako palibe adaona chifukwa cholilembera. Ndipo tisaiŵale kuti Charles II yemweyo ndiye adapereka chilolezo mu 1672 kwa kampani ya Royal African Company, imene inkanyamula akapolo kuchokera ku Afrika ya kuzambwe kupita nao ku America, ndipo mkulu wake anali James, mng'ono wa mfumu, amene pa chithunzi cha 1637 chija waima pafupi ndi mkulu wake atavala mkanjo wa ubwana.

Otsutsa anga atsala ndi mau aŵiri. Oyamba ngakuti tisaweruze anthu akale ndi muyeso wa lero. Ndikuvomera kuti pa nkhani ya mankhwala kapena ya maulendo sitingaŵaimbe mlandu pa zimene zinali zisanadziŵike. Koma muyeso umene ndikuŵayesera suli wa lero. Anali nao m'manja mwao, ankaumva ukuŵerengedwa m'matchalitchi ao omwe adamanga ndi golide: Ambuye adaimika mwana pakati pa ophunzira amene ankakangana za ukulu, kuti akuluwo aphunzire kwa mwanayo. Nyumba zachifumu zidatembenuza phunzirolo, zidaimika mwana pakati kuti iye asenze mkangano wa akulu. Mau achiŵiri ngakuti zithunzizo nzokongola, ndipo wansembe asaipitse ntchito ya amisiri. Apa ndigwirizana nao kwathunthu, mwina kuposa m'mene iwo akufunira. Velázquez anali wantchito wa mfumu kuyambira 1623 mpaka imfa yake mu 1660, ndipo ankajambula zimene walamulidwa. Ukulu wake uli poti atatha kuika ndodo, lupanga ndi nsalu zonse zimene mbuyake ankafuna, pa nkhope pokha sadaname. Titian nayenso akadatha kuchepetsa mwinjiro wa Ranuccio kuti umukwane, koma adausiya ukutsetsereka. Ndimalemekeza amisiriwo monga timalemekezera mboni yonena zoona pa bwalo la mfumu yaukali. Chimene ndikukana nchakuti titenge umboni wao nkuusandutsa chiyamiko cha amene ankaŵalipira.

Tibwerere tsono kwa kamtsikana kaja kamene kadayambitsa nkhaniyi. Baltasar Carlos pomwalira adasiya mtsikana amene adaamutomera, Mariana wa ku Austria. Popeza nyumba ya Spain idatsala yopanda mwana wamwamuna, Philip IV adamukwatira yekha mtsikanayo mu 1649, iye ali ndi zaka 44, mtsikanayo 14. Mariana anali mwana wa mlongo wake weniweni wa mfumuyo. Kwathu kuno mtsibweni ndiye nkhoswe, ndiye mwini mbumba woyenera kuitchinjiriza. Kumeneko mtsibweni adasanduka mwamuna, ndipo maukwati otere sankatheka popanda chilolezo cha ku Roma. Margarita Teresa ndiye mwana woyamba wa ukwati umenewo.

Velázquez adamujambula kangapo, ndipo zithunzi zitatu zili ku Vienna mpaka lero: china ali ndi zaka ngati 2 kapena 3, ataima pambali pa maluŵa, china ali ndi zaka 5 atavala zoyera, china cha 1659 ali ndi zaka 8, atavala diresi lobiriŵira ngati thambo, lotambalala kotero kuti manja ake akungogona pamwamba pake. Kodi zidapita bwanji ku Vienna zithunzi za mwana wa ku Madrid? Zinkatumizidwa kwa abale a amai ake, nyumba imene mwanayo ankayembekezeka kukakwatiwako, kuti azitha kuona m'mene akukulira. Munthu akasungitsa mbuzi kwa mnansi amafunsa uthenga wotere. Ukwati udachitika mu 1666, Margarita ali ndi zaka 15, ndipo mwamunayo anali Leopold I, mfumu yaikulu ya ku Vienna, mlongo wao wa amai ake. Akuti ngakhale ali pa banja ankamutchulabe kuti atsibweni. M'zaka 6 adabereka ana anai, ndipo mmodzi yekha, Maria Antonia, ndiye adakula. Margarita adamwalira pa 12 March 1673 ali ndi zaka 21, ali ndi pathupi pena, naikidwa m'manda achifumu pansi pa tchalitchi cha Akapuchini ku Vienna. Leopold analibe mwana wamwamuna wamoyo, ndipo mu October chaka chomwecho adakwatira wina.